A Kompadre Atsike pa Denga

Ku esiteti ya nthochi, El Guabo
3 Malichi 1974

Wokondedwa mkazi wanga Targelia,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako pamodzi ndi mwana wathu Hermelinda. Ngati muli bwino kumapiriko, ine kuno kugombe ndili bwino koposa, ndanenepa mpaka lamba ndaboolanso kawiri. Moni apitenso kwa inu a kompadre Abdón amene mukuwerenga kalatayi. Ndikukuonani muli muno m'maso mwanga. Mwavala magalasi aja, mwakhala pa thumba la shuga m'golosale mwanu, mkazi wanga waima patsogolo panu ngati ali pa Misa. Muwerenge zimene ndalemba, musathiremo mchere wanu.

Ntchito ikuyenda. Kuno akundidziwa. Anzanga amasenza mkoko umodzi wa nthochi, ine iwiri, ndipo tsiku lina ndinasenza itatu uku ndikuimba mluzu, kapitawo mpaka anavula chipewa. Udzudzu wa kuno ndi waukulu ngati nkhunda, koma ukandiluma ine umadwala ndi womwewo. Dzanja lamanzere chikwanje chinalipsompsona pang'ono, si nkhani.

Ndatumiza ndalama, masukure mazana atatu, pa positi ya ku Alausí. Ugule palafini, mchere ndi nsapato za mwana, zokulirapo kuti akuliremo. Nkhumba usagulitse ngakhale akunyengerere. Mbira zisaphedwe mpaka nditabwera, kupatula yaimuna ya diso limodzi ija imene imaluma zinzake, imeneyo muotche Lamlungu.

M'kalata yako wanena kuti denga likudontha ndipo a kompadre anakwera kukaikapo udzu. Zikomo a kompadre, munthu amene anatinyamulira mwana pa ubatizo ndi m'bale kuposa m'bale. Ndangodabwa chabe. Denga limeneli ndinafolera ndekha chaka chatha, ndipo denga lofolera Nicanor Pilco silidontha ngakhale utalipatutsira mtsinje. Kaya.

Targelia, ndimakusowa. Ndikamadya mpunga wa kunowu nkhope yako ndimaiona m'mbale, ndiye ndimadya pang'onopang'ono kuti ndisakupweteke. Pakati pa akazi onse a ku Chaupiloma iwe uli ngati lole yatsopano pakati pa abulu. Apa a kompadre muwerenge mofulumira, osakometsa mawu.

Ndine mwamuna wako mmodzi yekhayo,
Nicanor

El Guabo, 24 Malichi 1974

Targelia wanga,

Landira moni. Ndakondwa kumva kuti chimfine cha Hermelinda chatha. Ine ndili gwa ngati mwala. Ndege yopopera mankhwala ikadutsa pamunda timatsokomola tonse, koma chifuwa changa ndi chachimuna, chimathamangitsa agalu a kapitawo.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Mawu akuti "a kompadre akuti" ndawapezamo kasanu ndi kawiri. A kompadre akuti nkhumba izidya madeya a balere. A kompadre akuti ku Quito kuli matchalitchi a golide mkati monse. A kompadre akuti ku Quito nyali za mumsewu zimayaka zokha. Dzina langa ndalipeza kamodzi, pa envelopu.

Inde, tonse tikudziwa kuti a kompadre anakhalako ku Quito nthawi ya usilikali. Chithunzi chawo chili pakhoma m'golosalemo, ataima pabwalo lalikulu, mimba isanabwere. Munthu sangagule machesi asanachione. Nawenso umachiyang'ana, usakane, ndinakuona tsiku lija tinkagula sopo.

Tsono imva izi, ukhale pansi. Sabata Loyera likubwera, a ku Quito akufuna nthochi zokazinga zoika pa msuzi wa fanesika, ndipo bwana akutumiza lole. Pa anthu makumi asanu ndi atatu asankha ine kuti ndikatsitse katundu. Ena akuti n'chifukwa cha dzanjali, poti m'munda ndikutsalira m'mbuyo, koma imeneyo ndi nsanje, matenda oipa kwambiri amene ine sindinadwalepo. Masiku atatu mu likulu! Ndikajambulitsa pabwalo lomwelo, pamalo pomwepo, koma chithunzi chachikulu kuposa china chija. Udzachipachike poyang'anana ndi chitseko. Ndikakuguliranso shawelo yofiira.

Wanenanso kuti a kompadre anakwera pa denga Lachiwiri, n'kukweranso Lachisanu. Kodi dengali lakula? Pamene ndinkachoka linali la nyumba ya zipinda ziwiri. A kompadre, chichokereni akazi anu, Mulungu ause mzimu wawo, mwina tsiku limakutalikirani, ndikumvetsa. Sindikunena kanthu.

Targelia, kuno akazi ogulitsa madzi a nzimbe amandiitana kuti mfumu yanga, koma ine maso ndinawasiya pa tsitsi lako loluka lija lofika m'chiuno. Uwasunge pomwepo.

Wako,
Nicanor

Quito, Lolemba 8 Epulo 1974

Targelia,

Moni wochokera ku likulu la dziko! A kompadre, onani chidindo cha positi pa envelopu, muchionetsenso kwa onse ali m'golosalemo. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso.

Tinanyamuka Loweruka, ine ndi dalaivala Wilfrido, mwana wa kugombe amene chibadwire sanaonepo kuzizira. Ndinamupempha kuti tidzere njira ya kwathu ndikuone ngakhale pawindo, anati nthochi zipsa. Tafika lero m'mawa. Titangolowa mu mzinda mabelu onse anayamba kulira. Wilfrido akuti ndi a Sabata Loyera, ine ndikuti anamva kuti ndafika.

Koma mvula, mayi iwe! Inatipeza pa chitunda chomaliza ndipo mpaka pano sinapume. Si mvula ya kwathu yobwera mwaulemu ija. Iyi ina ikugwa kuchokera kumwamba, ina m'mbali, ina ikuchokera pansi kulowa m'buluku. Masana kunagwa matalala ngati mazira a nkhuku. Misewu kuno ndi yotsetsereka, yonse yasanduka mitsinje. Ndaona ndi maso angawa chipewa cha munthu chikupita chokha ku tchalitchi.

Nthochi ndatsitsa ndekha pa msika waukulu, Wilfrido atadzitsekera m'lole akunjenjemera, atafunda masaka atatu. Mayi wina wogula ataona poncho yanga, chofunda chaubweya chija, anandikuwira kuti, "Iwe wa poncho yonyowa, nthochizi wazisambitsa ndiwe?" Ine ndinati, "Eya mayi, ndipo ndi ulere, kwina kusambitsa amalipiritsa." Anaseka mpaka anandipatsa khofi.

Zinthu kuno ndi moto. Kambale ka chimanga chophika ndi kachikopa ka nkhumba, masukure asanu! Kwathu ndi ndalama imeneyo umadya mpaka kuitana wokunyamula.

Phiri lija a kompadre amati limaoneka paliponse mu Quito sindinalione. Mwina analichotsa iwo atachoka. Kuli chifunga chokhachokha. Zimene ndaona bwino mpaka pano ndi maambulera, miyendo ya anthu ndi kunsi kwa lole yathu, kumene ndakhala ndikulemba kalatayi pepala lili pa bondo. Madontho ukuwaonawa ndi mvula, asakunamize kuti ndi misozi.

Chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Ngati kuno kukugwa chonchi, ndiye kuti kwathunso kukugwa. Ngati kwathu kukugwa, ndiye kuti denga likudontha. Ngati denga likudontha, ndiye kuti wina wakwera.

Mawa ndikajambulitsa.

Wako wa mu likulu,
Nicanor

Quito, Lachiwiri 9 Epulo

Mkazi wanga,

Moni. Moyo uli bwino, kungoti dzanja lija silikugwirizana ndi kuzizira, zala ziwiri zikuchita mwano. Tidzakamba.

Bwalo lalikulu ndalipeza. Ndi lalikulu ndithu, ngakhale si mmene ena amalikulitsira akamapima shuga. Pakati pali chipilala chachitali chija cha pa chithunzi, ndinachizindikira msanga. Panalibe munthu ngakhale mmodzi, nkhunda zomwe zinathawa. Anthu onse anaunjikana m'makonde. Pakhonde pomwepo ndinapeza mkulu wojambula, wa kamera ya miyendo itatu, uja amalowetsa mutu m'nsalu yakuda.

Ndinati, "Bambo, mundijambule apo pakati, pa chipilalapo, pamene amaima asilikali."

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Ndi mvula imeneyi? Kamera iyi ndi yaikulu kuposa iwe, mwana wanga. Ikagwidwa chibayo uilera ndiwe?"

"Ndidikira ikate."

"Dikira. Ine ndikudikira kuyambira Lachinayi."

Anati akhoza kundijambula pakhondepo, kumbuyo kwanga atapachika chinsalu chojambulidwa ndege. Ndinakana. Chithunzi chotero ena adzati ndinajambulitsa pa msika wa ku Alausí. Ndinadikira kuyambira teni koloko mpaka folo. Kamodzi mvula inachepa, ndinathamangira pa chipilala, ndinakonza chipewa, ndinatulutsa chifuwa. Mkulu uja atangolowetsa mutu m'nsalu, kumwamba kunatsekuka ngati wina wagubuduza mgolo. Anthu a m'makonde anandiombera m'manja.

Pobwerera kunachitika kanthu kena koseketsa. Patsogolo panga panali mwamuna ndi mkazi atafunda poncho imodzi. Mkaziyo tsitsi loluka lofika m'chiuno, lomanga ndi kansalu kofiira, kayendedwe kako ndendende. Mwamunayo wamimba, wa magalasi. Mutu wanga unkadziwa kuti iwe uli ku Chaupiloma ukupatsa mbira udzu, koma miyendo sinamve. Ndinawatsata misewu itatu. Kenaka bamboyo anatembenuka.

"Ukutilondolanji, wakuba iwe?"

Mayiyo naye anacheuka. Targelia, anali wamkulu kuposa amayi ako, dzino limodzi. Ndinati ndimafuna kufunsa njira ya ku tchalitchi. Anandilozera matchalitchi anayi nthawi imodzi.

Ndalowamo m'limodzi kuti ndiume. Golide alimo, pamenepo a kompadre sananame, koma zithunzi zonse za oyera azikuta ndi nsalu chifukwa cha sabatali. Mzinda wonse wandibisira nkhope.

Fanesika ndadya. Nsomba yake youma inali ngati chikhadabo. Yako imaposa kakhumi, ndipo manja ako ophikawo ndikanawapsompsona chala chimodzichimodzi.

Latsala tsiku limodzi.

Nicanor

Quito, Lachinayi 11 Epulo, m'mawa

Targelia wanga,

Moni, koma za moyo wanga sufunika kufunsa, poti dzulo unamva wekha. Dziko lonse lamva! Ndikulemba msangamsanga Wilfrido akutenthetsa injini.

Dzulonso mvula sinatipatse mpata. Wojambula uja sanabwere n'komwe. Ndinkapita ku sitolo kukagula shawelo yako pamene matalala anandithamangitsira pakhomo lina la masitepe. Pamwamba panali chikwangwani cha nyumba ya wailesi, yomwe ija ya mauthenga a sikisi koloko madzulo, imene mudzi wonse umasonkhana kumvera m'golosale mwa a kompadre. Pomwepo nzeru inandigwera ngati tsindwi. Ndinati, Nicanor, chaka chonse mawu ako amafika kwa mkazi wako kudzera pakamwa pa mwamuna wina. Lero alowe m'khutu mwake kuchokera pakamwa pako.

Ndinakwera. Pa tebulo panali mayi wa zikhadabo zopenta. Osakweza mutu anati, "Uthenga wa maliro, wa matenda kapena wa ng'ombe yosowa?"

"Wa chikondi, mayi. Ndipo ndikufuna ndinene ndekha."

"Muno amalankhula ndi muulutsi yekha, bambo. Inu nenani, ine ndilembe. Liwu lililonse sukure imodzi. Ndipo sunthani, mwatipangira dziwe pansipa."

Ndinamuuza kuti mawu anga kwathu amamveka mapiri awiri popanda waya. Anati ndiye ndikakuwire panja. Basi ndinagonja. Poyamba ndinanena uthenga wautali, wokoma, mayiyo atawerenga mawu anatchula mtengo wa mwana wa nkhumba. Tinadula, tinadula, mpaka panatsala fupa lokhalokha: "Kwa Targelia wa ku Chaupiloma. Mwamuna wako Nicanor ali mu Quito. Amakukonda. Denga adzafolera yekha, a kompadre Abdón atsike." Za shawelo tidzaona chaka chamawa.

Sikisi koloko inatipeza m'kanyumba kodyera pafupi ndi msika. Ndinapempha mayi wophika akweze wailesi poti malata ankachita phokoso. Panadutsa maliro awiri ndi bulu wosowa. Kenaka dzina lako.

Targelia, muulutsi ameneyo ali ndi mawu ngati uchi pa buledi wotentha. Sanati Targelia ngati mmene timanenera anthufe. Analikoka, analisisita, anati Targeeelia, kenaka anapuma, kenaka "amakukonda" motsitsa ngati ali pakhutu pako. Mayi wophika anaimitsa chikombe m'mwamba n'kunena kuti, "Ine mwamuna atanditchula choncho, mphikawu ungapserere." Ndiye kuti ndalipira ndalama zanga kuti mwamuna wachiwiri akuitane mokoma. Pomaliza anawonjezera zake, zaulere: "Mwamva a kompadre Abdón, tsikani, koma mosamala, makwerero aterera ndi mvulayi." Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Ndinaimirira ndi kuwauza kuti Nicanor wake ndine, wina anandigulira kapu ya kachasu wotentha wa sinamoni.

Wilfrido yekha sanaseke. Anati, "Achimwene, kumapiri kwanuko kompadre mumamutchula dzina pa wailesi? Kwathu ngakhale chidakwa sichichita zimenezo."

Ndinati ndi nthabwala. A kompadre, mukundidziwa ine, ndi nthabwala. Munasekatu, eti?

Mvula yakata tsopano pamene tikunyamuka. Phiri lija lilipodi.

Wako wotchuka,
Nicanor

El Guabo, 12 Meyi 1974

Targelia,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, poti palibe wandiuza kuti simuli bwino, palibenso wandiuza kuti muli bwino. Iyi ndi kalata yachitatu chibwerereni ku Quito. Loweruka lililonse ndimapita ku ofesi ya esiteti, kalaliki amangopukusa mutu ndisanatsekule pakamwa.

Ndatumiza masukure mazana awiri. Achepa chifukwa andichotsa kosenza, andiika kotsuka nthochi pamodzi ndi amayi. Ndi ntchito ya ulemu, imafuna munthu wanzeru.

Kodi positi ya ku Alausí inapsa? Kodi magalasi a a kompadre anasweka? Ngati anasweka anene, ndiwagulira ena, a golide.

Nkhumba ili bwanji? Hermelinda nsapato zinamukwana? Denga, kaya, sindifunsa.

Yankha, mayi. Ngakhale mzere umodzi. Ngakhale wodzaza ndi "a kompadre akuti."

Nicanor

El Guabo, 9 Juni 1974

Olemekezeka a kompadre Abdón,

Kalata iyi ndi yanu, si ya Targelia. Ndikhulupirira muli ndi moyo wabwino ndipo malonda akuyenda. Ine ndili bwino, ngakhale osati kwenikweni.

Dzulo ndinalandira yankho patatha miyezi iwiri. Nditangoona envelopu ndinadziwa kuti zinthu zaipa. Zilembo zanu zonga mapazi a nkhuku zija panalibe. Izi ndi zilembo zopendekeka, za michira, pepala lake lonunkhira mafuta a tsitsi. Pansi palembedwa kuti, "Wolemba m'malo mwa mayi Targelia, mphunzitsi Galo Benalcázar." Ndafunsa kwa Eudoro wa kwathu amene wafika kumene kudzadula nthochi. Akuti mphunzitsi watsopanoyu ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, sanakwatire, ali ndi gitala ndiponso mano onse.

Targelia wandifotokozera za tsiku lija. Akuti m'golosale munadzaza anthu obisala mvula, ndipo uthenga anaumva onse. Inu munazimitsa wailesi, munavula magalasi, munawaika m'thumba, n'kunena kuti kalata ya Pilco simudzaigwiranso. Akuti mpaka lero mukamadutsa pamsewu anthu amakuwa kuti tsikani, ndipo Targelia anakhala masabata atatu osapita kumsika chifukwa cha manyazi. Akutinso denga munalisiya theka, ndipo chimene chinkakukwezani kawirikawiri ndi mtanda wa denga umene unafumbwa. Mtandawo ndinaika ine. Ndinaugula motchipa, ndikuvomera.

Koma chimene chandipha ndi ichi, ndikukoperani mmene chalembedwera:

"Nicanor, sindinkadziwa kuti umalemba zokoma chonchi. A kompadre akafika pamalo pena ankatsokomola n'kunena kuti, apa akupereka moni kwa nkhumba. Ine ndinkadabwa kuti nkhumbayi waikonda liti. Tsopano aphunzitsi akundiwerengera makalata ako onse kuyambira oyamba, Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa. Ena ndimawapempha abwereze. Pena ndimalira."

Ndipo pansi pake mphunzitsiyo waikapo zake: "Bambo Pilco, pamene ziganizo zanu zapunduka ndimaziwongola powerenga, ndipo pamene pachepa ndimawonjezera mawu oyenera."

Amawonjezera, a kompadre! Ndi gitala pambali!

Ndiye kuti chaka chonse ine ndinkapsa mtima kuti mukukometsa mawu anga, pamene inu munkawapereka kwa nkhumba chifukwa cha ulemu. Munthu ngati inu sapezeka kawiri. Ndakulakwirani pamaso pa dziko lonse mpaka kumalire. Ndikabwera ndidzagwada pakhomo pa golosale yanu masana dzuwa likuswa mtengo, ndi botolo ndi mbira zinayi zootcha, anthu onse akuona. Mukafuna ndibwererenso ku Quito ndikapepese pa wailesi pomwepo, nenani, ndipita wapansi, ngakhale kugwe matalala ngati maungu. Denga kwerani mmene mungafunire. Mukhoza kumagona pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi. M'envelopu muno muli kalata ina yomata, ya Targelia, masamba awiri. Isafike ku sukulu. Muwerenge ndinu, ndi mawu anu omwe aja onga chitseko cha khola, ndi amene ndikuwafuna. Koma ulendo uno musadumphe kanthu, ngakhale za pa tsamba lachiwiri. Mutembenukire ku matumba a mchere, iye akhale kumbuyo kwanu, chitseko chikhale chotsekula. Chifuwa chikakugwirani tsokomolani, mukatha mubwerere pomwe munalekezera.

Mukamaliza mundilembere ngati analira. Ngati analira kuposa mmene amalirira kwa mphunzitsi, mundiuze msanga. Ngati ndi pang'ono, mungoti analira.

Ine kompadre wanu wopusa,
Nicanor Pilco